Masiku Awiri ku Ayutthaya, Mzinda wa Pakati pa Mitsinje Itatu

Katundu wa achemwali anga anali atamangidwa kale m'mabelo, malisiti ali m'chikwama, koma wotumiza katunduyo anatiuza kuti zonse zilongosoka Lolemba. Linali Lachisanu madzulo, kumapeto kwa Novembala, tili ku Pratunam, dera la mzinda wa Bangkok kumene amalonda ochokera m'mayiko ambiri a mu Africa amakaoda zovala. Achemwaliwo geni yawo amachitira ku Limbe, ndipo ku Thailand anali atapitako kanayi, koma chimene ankadziwako ndi msika, hotela ndi bwalo la ndege basi. Ine unali ulendo wanga woyamba, ndipo ntchito yanga inali kunyamula zikwama ndi kuwerengetsa ndalama.

"Achimwene, ndiye masiku awiri onsewa tingokhala m'chipinda muno?" anandifunsa uku akuvula nsapato.

Ndinayala pabedi mapu amene ndinatenga polandirira alendo. Kumpoto kwa Bangkok, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80, panali kadera kozunguliridwa ndi madzi mbali zonse, kodzaza ndi tizizindikiro ta akachisi. Dzina lake Ayutthaya. Ndinali nditawerengapo kuti limeneli ndilo linali likulu la dziko la Siam, lomwe lero ndi Thailand, kwa zaka zoposa 400, Bangkok asanatchuke n'komwe. Tinagwirizana zopita, ndipo ndinalemba papepala mayina 14 a malo amene ndinkafuna kukaona.

Pepalalo ndinatsika nalo kwa mayi wa polandirira alendo, yemwe ankalankhula Chingerezi chomveka bwino. Analiwerenga mwakachetechete, natenga cholembera, n'kuyamba kufufuta dzina ndi dzina mpaka anatsala 7. Kenako anajambula mzere pakati pa pepala. Pamwamba analemba kuti m'mawa, pansi analemba kuti madzulo, ndipo pamzere penipenipo analemba kuti kupuma. Anati dzuwa la ku Ayutthaya silimvera munthu chisoni ngakhale m'nyengo yozizira, chifukwa njerwa zimasunga kutentha ndipo mithunzi ndi yochepa. Anatinso tikafika tiyambe tafunsa za bwato la 4 koloko madzulo lozungulira chilumba, zina zonse zibwere pambuyo. Nditabwerera m'chipinda n'kuwaonetsa achemwali pepala lofufutidwalo, anagwedeza mutu movomereza. "Akunena zoona mayiwa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

Ulendo waufupi chotere umagona pa zinthu zitatu: nyengo, mayendedwe ndi kogona. Nyengo inali kumbali yathu. Pamene mvula yathu ikuyamba mu Novembala, yawo imakhala ikutha. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale kunja kumakhala kouma ndi kozizirirapo. Malichi mpaka Meyi kumatentha zedi, makamaka mu Epulo. Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi imene mitsinje imadzaza mpaka kusefukira. Pa mayendedwe panali minibasi, galimoto ya hayala ndi sitima, ndipo tinasankha sitima. Pa kogona, alendo ambiri amapita m'mawa n'kubwerera ku Bangkok dzuwa lisanalowe. Ife tinati tikagone komweko usiku umodzi, ndipo pa zonse zimene tinapangana usiku umenewo, chimenechi ndicho chinatipindulira koposa.

Loweruka tinalawirira ku siteshoni ya Hua Lamphong, chinyumba cha denga lokhota ngati uta chimene chinatsegulidwa mu 1916. Sitima zopita kutali zinasamukira ku siteshoni yatsopano ya Krung Thep Aphiwat mu 2023, koma zoima paliponse zimanyamukabe pano. Tikiti ya kalasi yachitatu inali baht 15 munthu mmodzi, ndalama yosakwana kugulira mbale ya chakudya. Mipando inali yolimba, mazenera ali chitsegulire, mafani akuzungulira kudenga. Amayi amalonda ankadutsa ndi nkhuku yowotcha yobayidwa pa timitengo ndi mpunga womata wa m'timapepala. Titadutsa bwalo la ndege la Don Mueang nyumba zinayamba kuchepa, kenako minda ya mpunga inayamba, yathyathyathya mpaka kumene maso alekeza, akakowa ali mbuu m'madzi. Achemwali anati kukufanana ndi madambo a ku Chilwa. Njanji imeneyi ndi yoyamba pa njanji za boma la dzikolo, yotsegulidwa m'zaka za m'ma 1890, mu ulamuliro wa Mfumu Chulalongkorn. Tinayenda maola pafupifupi awiri.

Siteshoni ya Ayutthaya ili kunja kwa chilumba, chakummawa. Ukatuluka umawoloka msewu, n'kutsata kanjira kodutsa pakati pa timagolosale mpaka padoko, pamene kabwato ka injini kamawolotsa anthu pa mtsinje wa Pa Sak. Mlatho ulipo, koma ndikulangiza aliyense kuti alowe mumzindawu pa madzi, monga ankaloweramo eni ake akale. Tinakwera pamodzi ndi mayi wonyamula dengu la masamba ndi mnyamata wokankha njinga. Madzi anali ofiirira, othamanga, mvula itangotha kumene, ndipo pamwamba pake pankayandama namasupuni, yemwe uja amativutitsa pa Shire. Kuwoloka kunatenga mphindi zochepa chabe, koma m'mphindi zimenezo ndinayamba kumvetsa chimene mapu aja ankandiuza.

Mzindawu ndi mwana wa mitsinje itatu. Chao Phraya amauzungulira kumadzulo ndi kummwera, Pa Sak kummawa, Lopburi kumpoto, ndipo pamene mitsinje sinakumane yokha, anthu akale anakumba ngalande kuti chilumba chikwanire. Mfumu U Thong anakhazikitsa likulu lake pano cha m'ma 1350, ndipo sanasankhe malowa mwangozi. Madzi anali mpanda wotchinga adani. Matope amene madzi osefukira ankasiya chaka ndi chaka ankabereketsa mpunga wodyetsa anthu ochuluka. Ndipo zombo zochokera kunyanja zinkatha kukwera mtsinje mpaka pakhomo pa mzinda. Dzina analitenga kwa Ayodhya, mzinda wa Rama wa m'nthano zakale za ku India, ndipo limatanthauza malo osagonjetseka. Mafumu 33 analamulira pano.

Tinapeza malo ogona pafupi ndi msika wa Chao Phrom, nyumba yamatabwa imene nsapato zimatsala pakhomo. Mwini nyumba anatiphunzitsa moni: manja pamodzi pachifuwa, mutu wowerama pang'ono, mwamuna ati "sawatdi khrap," mkazi ati "sawatdi kha." Kalendala ya pakhoma inandidabwitsa poyamba, mpaka atandifotokozera kuti iwo amawerenga zaka motsata Chibuda, zimene zili patsogolo ndi zaka 543, chaka cha 2024 amachilemba 2567. Tinalembetsa malo m'bwato la madzulo monga tinauzidwira, kenako tinafuna choyendera. Alendo ambiri amabwereka njinga, poti chilumbacho n'chosalala ndipo magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu. Achemwali sapalasa, choncho tinatenga tuk-tuk, kagalimoto ka mawilo atatu. Za ku Ayutthaya n'zosiyana ndi za ku Bangkok: kumaso kwake n'kozungulira ngati mutu wa chule, ndipo eni ake amazitcha choncho. Woyendetsa amalipiritsa pa ola, ndipo mtengo ndi malo okaima tinapanganiratu tisanakwere. Paja safunsa anadya phula.

Tinayambira ku Wat Mahathat. Mawu akuti wat amatanthauza kachisi, ndipo nsanja za m'makachisi akunowa zili mitundu iwiri: prang, yooneka ngati chimanga chosenda choimika, ndi chedi, yooneka ngati belu lovundikira lokhala ndi nsonga yaitali. Ukadziwa ziwirizi, mabwinja amayamba kuwerengeka. Koma chimene chimakokera anthu pano ndi chinthu chaching'ono, chapansi. Pambali pa khoma pali mtengo wa mtundu wa kachere, ndipo pakati pa mizu yake pali mutu wa chiboliboli cha Buddha wosemedwa pamwala. Mizu yaukulunga mbali zonse, yasiya nkhope yokha: maso otsinzina pang'ono, milomo yofatsa. Anthu amati mutuwo unagwera pansi kachisi atasiyidwa, mtengo n'kumera, n'kuunyamula pang'onopang'ono pamene unkakula.

Pafupi pamakhala mlonda wokumbutsa aliyense wofuna kujambulitsa kuti akhale pansi, mutu wake usapose wa Buddha. Achemwali ndi mayi wa Mvano, ndipo ndinaona kuti aima kaye, akusinkhasinkha. Kenako anakonza chitenje chawo, nakhala pansi pafumbi, miyendo atapinda chammbali monga amakhalira pamaso pa akuluakulu kumudzi. "Sindikupembedza ayi, achimwene," anandinong'oneza. "Ndikulemekeza eni mudzi." Mlonda uja anawaweramira mutu, iwonso anabweza. Kuseri kwa mtengowo kuli mizere ya ziboliboli zokhala chopinda miyendo, manja ali pamaondo, koma zopanda mitu. Zina zinaonongeka ndi nkhondo ndi moto, zina mitu yake inadulidwa ndi akuba n'kukagulitsidwa kwa osonkhanitsa zinthu zakale. Tinayenda pakati pake tili chete.

Kuwoloka msewu kuli Wat Ratchaburana, kachisi amene nkhani yake inandikhudza kwambiri. Mu 1424 mfumu itamwalira, ana ake awiri aakulu, Chao Ai Phraya ndi Chao Yi Phraya, analimbirana ufumu. Anakumana atakwera njovu, namenyana, ndipo onse awiri anafera pomwepo. Ufumu unagwera mng'ono wawo, Chao Sam Phraya, yemwe anamanga kachisiyu pamalo pamene anawotchera mitembo ya akulu akewo. Amene anaonapo banja likugawanika chifukwa cha mpando wa unyakwawa kapena munda wa malemu, nkhaniyi aimva popanda womasulira. Pansi pa nsanja yaikulu panali chipinda chobisika chimene chinakhala chitsekere kwa zaka zoposa 500, mpaka mu 1957 pamene akuba anakumba n'kupezamo zinthu zagolide zochuluka. Zina zinalanditsidwa, zina zinapita osabwerera. Zimene zinapulumuka zili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa ndi dzina la mng'ono uja, Chao Sam Phraya.

Tinamalizira m'mawa ku Wat Phra Si Sanphet, kachisi wa m'bwalo la nyumba yachifumu, mmene simunkakhala amonke. Nsanja zitatu zofanana zaima pamzere umodzi, zosunga phulusa la mafumu atatu. Muno munali chiboliboli cha Buddha choimirira, chotalika mamita 16, chokutidwa ndi golide, chimene adani anachiwotcha kuti golideyo asungunuke. Pamene tinkatuluka, 11 koloko itadutsa, njerwa zinali zitayamba kulavula moto ndipo madzi athu anali atatha. Ndinakumbukira mzere wa pakati pa pepala uja.

Nkhomaliro tinadya kuaitiao ruea, chakudya chimene kale chinkagulitsidwa m'mabwato. Ndi timizere ta ufa wa mpunga m'msuzi wakuda wa nyama, wa tsabola ndi zonunkhiritsa. Timbale take n'tating'ono, akuti kuti msuzi usatayike bwato likagwedezeka, ndipo munthu amadya tiwiri, titatu, n'kumatisanjikiza patebulo kuti wogulitsa awerenge. Amene sadya nkhumba afunsiretu, chifukwa pali ya nkhumba ndi ya ng'ombe, ndipo msuziwo amauthira magazi pang'ono kuti ulimbe. Malo odyera a Asilamu alipo ambiri, pakuti Asilamu akhala mumzindawu kuyambira m'masiku a mafumu. Ndiwonso anatchukitsa roti sai mai: shuga wokokedwa mpaka kusanduka ulusi wonga tsitsi, amene umamukulunga wekha m'kachitumbuwa kopyapyala ngati pepala. Tinagula m'mbali mwa msewu wa U Thong, tinakadyera kogona, kenako tinagona tulo mpaka 3 koloko.

Bwato linanyamuka 4 koloko, lalitali, lopapatiza, injini yake ili kumbuyo ndi chitsulo chachitali cholowa m'madzi. Tinali anthu asanu ndi atatu. M'mawa tinaona mzinda wakufa. Pamadzi tinaona mzinda wamoyo. Nyumba zamatabwa zaima pa mizati italiitali, zizindikiro za madzi osefukira zikuoneka pa mizatiyo. Gogo wina ankatsuka mapoto pamakwerero olowa mumtsinje. Ng'azi yaikulu inasambira kudutsa kutsogolo kwathu, mutu uli pamwamba. Kenako kunabwera kabwato kamphamvu kakukoka zombo zinayi zakuda zomangidwa ndondondo, zolemedwa mpaka m'milomo, ndipo woyendetsa wathu anazimitsa injini kudikira kuti mafunde ake adutse. Mtsinje wa Chao Phraya ukadali msewu wa katundu mpaka lero.

Tinaima koyamba pa Wat Phanan Choeng, pamene Pa Sak amathira mu Chao Phraya. Kachisiyu ndi wakale kuposa mzinda womwe, pakuti chiboliboli chake chinapangidwa mu 1324. Si bwinja, anthu amapembedzamo tsiku ndi tsiku. Tinavula nsapato, tinalowa, ndipo ndinachita kupendeka khosi: Buddha wokhala pansi, wotalika mamita 19, wagolide waliwali, wodzaza nyumba yonse mpaka kudenga. Opembedza ankapereka nsalu zachikasu, amuna ena n'kuziponya m'mwamba kwa anzawo amene anaima pa chibolibolicho. Iwo ankazikoleka paphewa pake, kenako n'kutambasula nsonga zake pamwamba pa mitu ya anthu ogwada pansi. Panja, padoko, ana ankaponya chakudya m'madzi, ndipo nsomba zonga milamba zinkawirira pamwamba, zonenepa, zosaopa munthu, chifukwa pakhomo pa kachisi palibe woponya mbedza.

Chakummwera kwa malo amenewa, m'mbali zonse ziwiri za mtsinje, n'kumene mafumu ankapatsa malo alendo. Apwitikizi anafika mu 1511, Azungu oyamba kupalana ubwenzi ndi Siam, m'zaka zomwe zija anzawo ankakhazikika ku Sofala ndi pa chilumba cha Mozambique, asanakwere Zambezi kukafika ku Sena ndi ku Tete kumene anadzagula minyanga kwa Amaravi. Pambuyo pawo panabwera Adatchi, amene malo awo a malonda lero ndi nyumba yokumbukira yotchedwa Baan Hollanda. Ajapani anali ndi mudzi wawo, ndipo mtsogoleri wawo Yamada Nagamasa anakwera mpaka kukhala nduna. Atchaina ndi Aperezi anali kale m'malonda ndi m'bwalo la mfumu. M'nthawi ya Mfumu Narai, amene analamulira kuyambira 1656 mpaka 1688, Mgiriki wina, Constantine Phaulkon, anali mlangizi wamkulu, ndipo mu 1686 nthumwi za Siam zinakaonekera pamaso pa Mfumu Louis XIV ku Versailles. Zikopa za agwape, mitengo yonyikira nsalu ndi mpunga zinkatsika ndi mtsinje. Nsalu za ku India, siliva ndi mbale zadothi za ku China zinkakwera. Bwato lathu linadutsa mizikiti, kenako tchalitchi cha St Joseph chimene anayambitsa ansembe a ku France, ndi akachisi a Chibuda pakati pake. Achemwali, amene moyo wawo wonse ndi kugula ndi kugulitsa, anayang'ana uku ndi uku nati, "Ndiye kuti geni yobwera kuno sinayambe ndi ife."

Dzuwa likupendeka tinafika pa Wat Chaiwatthanaram, kutsidya la kumadzulo kwa Chao Phraya. Mfumu Prasat Thong anayamba kumanga kachisiyu mu 1630, motengera mamangidwe a Akhmer a ku Angkor: nsanja yaikulu ya mamita pafupifupi 35 pakati, zing'onozing'ono zitaizungulira. Njerwa zinali psuu ndi kuwala kwa madzulo. Atsikana ndi anyamata a ku Thailand komweko anali atavala zovala zamakedzana zobwereka m'mashopu a pafupi, nsalu zonyezimira ndi malamba agolide, akujambulana pamakwerero. Chizolowezichi chinakula mu 2018, pamene sewero lina la pa wailesi yakanema lonena za nthawi ya Mfumu Narai linatchuka m'dziko lonse. Zinandisangalatsa kuona achinyamata akunyadira bwinja la makolo awo, osalisiyira alendo okha.

Ndinakhala pakhoma loyang'ana kumtsinje n'kuganiza za mmene mzinda wosagonjetsekawu unagwera. Kwa zaka zambiri nzeru ya eni mzinda inali imodzi: adani akabwera, tsekani zipata, dikirani mvula. Madzi akasefukira, chigwa chonse chinkasanduka nyanja, ndipo ozinga mzinda ankapasula misasa n'kubwerera kwawo. Nzeru imeneyi inalephera mu 1569, mzinda utagwa koyamba m'manja mwa Aburma, koma unadzukanso. Mu 1766 ankhondo a Mfumu Hsinbyushin wa ku Burma anabweranso, ndipo ulendo uno anali ataphunzira. Madzi atakwera sanachoke. Anasamukira pa zitunda, anakhoma mabwato, nadikira. M'kati mwa linga chakudya chinatha. Mu Epulo 1767, atazinga mzinda kwa nthawi yoposa chaka, anakumba pansi pa khoma, nasonkhapo moto, khoma n'kugwa. Mzinda unatenthedwa, mfumu yomaliza Ekkathat inafa, ndipo anthu zikwizikwi anatengedwa ukapolo.

Ayutthaya sanakhalenso likulu. Taksin, mkulu wa asilikali amene anathyola mpanda wa adani mzinda usanagwe, anakhazikitsa likulu latsopano ku Thonburi, kumunsi kwa mtsinje womwewo. Mu 1782 Mfumu Rama I anawolokera tsidya lina n'kuyamba kumanga Bangkok, ndipo njerwa zambiri za malinga ake zinaphwasulidwa kuno n'kutsika pa zombo. Choncho mtsinje umene unalera mzindawu ndiwonso unanyamula mafupa ake kupita nawo kwa mwana wake. Mabwinja otsala bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1991. Koma madzi saiwala khwawa: mu 2011 chigumula chinamiza kachisi uja wa Wat Chaiwatthanaram pamodzi ndi mafakitale a magalimoto ndi zipangizo za kompyuta a m'chigawochi, ndipo lero m'mphepete mwa kachisi muli mpanda wachitsulo umene amaudzutsa mtsinje ukayamba kukwera.

Mabasi a alendo anali atapita pamene tinabwerera pachilumba. Mzinda unali wa eni ake tsopano. Pa msewu wa Bang Lan, moyang'anizana ndi Wat Mahathat, msika wausiku unali utayaka, utsi wa makala uli tolotolo, mabanja akugula ndiwo zophikaphika m'timapepala. Achemwali anati ulendo ngati uwu suchitika kawirikawiri, choncho tinapita ku malo odyera a m'mbali mwa mtsinje n'kuitanitsa kung mae nam, nkhanu zazitali za mumtsinje, zong'ambidwa pakati ndi kuwotchedwa pamakala, mafuta ake achikasu akuwira m'mutu. N'zodula, ndipo amagulitsa poyeza pa sikelo, motero tinafunsiratu mtengo n'kugawana ziwiri. Pobwerera tinadutsa pafupi ndi nsanja zowalitsidwa ndi magetsi, zili njo mumdima. Usiku agalu osokera amachuluka m'mabwinja, ndiye tinayenda m'msewu waukulu wokha.

Lamulungu ndinadzuka kusanache bwino, ndipo ndinaona chimene wobwera ndi basi ya masana sangaone. Amonke ovala nsalu zachikasu ankayenda pamzere, opanda nsapato, aliyense ndi mbale yake. Pakhomo pa golosale ina mayi wachikulire anavula nsapato zake, anaika mpunga ndi kathumba ka ndiwo m'mbale iliyonse, kenako anagwada manja ali pamodzi pamene amonkewo ankamunenera madalitso ndi mawu apansipansi. Panalibe wolankhula china. Atatha, mayiyo anavala nsapato natsegula golosale yake. Mwini nyumba yathu anali atawachenjeza kale achemwali kuti mkazi sakhudza mmonke ngakhale chovala chake, ndipo tikakumana nawo panjira tinkapatuka.

Malo awiri anatsala papepala. Wat Yai Chai Mongkhon ali kunja kwa chilumba, kummwera chakummawa. Nsanja yake yaikulu imakumbutsa za Mfumu Naresuan, amene anamasula Siam m'manja mwa Aburma ndipo mu 1593 anapha kalonga wawo pa nkhondo ya pamsana pa njovu. Tinakwera makwerero otsetsereka mpaka pamwamba, ndipo pansi pathu panali mizere ya ziboliboli zathunthu, zonse zitavekedwa nsalu zachikasu. Pafupi pali malo okumbukira mfumuyo odzaza ndi ziboliboli za atambala, zazikulu ndi zazing'ono, zimene anthu amabweretsa chifukwa nthano imati ali mwana, ku ukapolo ku Burma, tambala wake anagonjetsa wa kalonga. Kuchoka apo tinapita ku nyumba ya zinthu zakale ya Chao Sam Phraya kukaona golide wa pansi pa Wat Ratchaburana: lupanga lachifumu, kanjovu kogwada kokongoletsedwa ndi miyala yamtengo wapatali, zovala za kumutu zolukidwa ndi ulusi wagolide. Mutaona njerwa zamaliseche dzulo lake, zinthu zimenezi zimakuuzani mmene mzindawo unkawalira.

Zambiri tinazisiya, ndipo sitidandaula. Nyumba yachifumu ya Bang Pa-In, imene ili makilomita pafupifupi 20 chakummwera, tinangodutsa pa siteshoni yake. Chiboliboli chachikulu cha Buddha wogona cha ku Wat Lokayasutharam sitinachione. Njovu tinaziona, zovekedwa nsalu zofiira, zitanyamula alendo pa tala wotentha, woziyendetsa ali pakhosi ndi ngowe m'manja. Woyendetsa tuk-tuk anatifunsa ngati tikufuna kukwera, tinakana. Njovu ndinaziona ku Liwonde zikumwa madzi mwaufulu, ndipo mtima wanga sunalole kukhala pamsana pa imodzi mwa izo dzuwa lili paliwombo.

Sitima ya madzulo inatibweza ku Bangkok, ndipo Lolemba mabelo aja ananyamuka. Achemwali anasunga pepala lofufutidwa lija m'chikwama cha malisiti, akuti adzapatsa anzawo a geni.

Kwa inu amene mumapita ku Bangkok kukaoda katundu, kukaphunzira kapena ku msonkhano, mukapeza masiku awiri opanda chochita musawathere m'chipinda cha hotela. Nyamulani chipewa, madzi akumwa, nsapato zosavuta kuvula ndi zovala zobisa mapewa ndi maondo. Kwerani sitima ya m'mawa, wolokani pa kabwato, sankhani akachisi ochepa, pumani masana, ndipo 4 koloko ikupezeni pamadzi. Gonani komweko kuti mudzaone m'bandakucha wake. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Ayutthaya amaonetsa nkhope yake kwa mlendo wodekha.